Ngumbi zandichititsa manyazi

Awerengi anga, sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Zoti feteleza wakwera mtengo mukuzidziwa kale, simukudikira ine kuti ndikuuzeni. Lero ndabwera ndi mlandu wanga-wanga woti ndiulule: mwana wa Sitandade 3 wandigonjetsa ndi funso, ine mtolankhani wosunga setifiketi ya MSCE m'sutikesi.

Zinachitika Lachiwiri madzulo kwathu ku Ndirande. Mvula yoyamba inali itagwa masana, fungo la dothi lili guu, ndipo mwa mwayi magetsi analipo. Ndinali pakhonde ndikudina-dina foni kuti ndimve amene watukwana mnzake pa Facebook. Posakhalitsa ngumbi zinayamba kufika pa babu, poyamba imodzi-imodzi, kenaka chigulu. Ine ndinangokalipa kuti wina atseke chitseko zingatigwere mu nsima. Achemwali anga anathamangira beseni la madzi kuti tipezepo ndiwo za mawa. Nanga ndani angakane ngumbi zokazinga, zowaza kamchere, masiku ano pomwe nyama tikungoionera pa butchala?

Koma mwana wawo wamkazi analibe nazo ntchito za beseni. Anagwada pansi, maso ali pa simenti.

"Amalume, taonani! Izi zathothola mapiko zokha, ndiye zikutsatana ziwiri-ziwiri. Zikupita kuti?"

Ndinati ndiyankhe, mawu osatuluka. Ngumbi ndayamba kudya ndisanayambe sukulu. Kumudzi ndathandizapo agogo kuphimba chulu ndi udzu ndi kukwirira ndowa kuti zigweremo. Koma zoti zimatsatana ziwiri-ziwiri ndinali ndisanazionepo chibadwire. Ndiye ndinachita zomwe akulu-akulu timachita tikasowa yankho: "Iwe, kagone, mawa sukulu!"

Usiku umenewo funso lija linandisowetsa tulo. Paja amati safunsa anadya phula, choncho kutacha ndinakagogoda kwa bambo ena oyandikana nafe, omwe anapuma pa ntchito yauphunzitsi. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandipatsa mpando.

Zomwe anandiuza ndi izi. Ngumbi ndi ana achifumu a m'chulu, aamuna ndi aakazi. Chiswe chimazilera mkati momwemo kudikira mvula yoyamba, chifukwa ndi pamene dothi limafewa moti n'kukumbika. Mapiko aja ndi a ulendo umodzi wokha basi. Zikatera zimawathothola, yaikazi imatulutsa kafungo koitana, yaimuna n'kumaitsatira pambuyo mpaka zitapeza pokumba. Zomwe mwana uja ankaona pa simenti yathu unali ukwati, abale, wopanda ankhoswe ngakhale pelekani-pelekani.

Zambiri sizifika patali. Mbalame, achule, abuluzi, nyerere ndi mabeseni athuwa zimamaliza pafupi-fupi zonse. Koma banja limodzi likapulumuka, ndilo limayambitsa chulu chatsopano. Kangumbi kakakazi kaja kamasanduka manthu, mimba n'kutupa mpaka kutalika ngati chala cha munthu wamkulu kapena kuposa. Manthu sayendanso, amangoikira mazira, mwina mpaka 20,000 pa tsiku limodzi, ndipo amatha kukhala moyo zaka zoposa 10. Mwamuna wake uja amakhala pambali pake nthawi yonseyo. Ena a inu amene mumasintha mabanja ngati malaya mwamva nokha.

Aphunzitsiwo sanalekere pomwepo. Anandifunsa ngati ndinadzifunsapo chifukwa chimene bowa wina amakonda kumera pa chulu. Ati chiswe cha mtundu umenewu ndi alimi. Chimatuta udzu ndi timitengo touma, kutafuna, n'kuunjika m'tizipinda ta pansi, ndipo pamenepo chimalimapo bowa amene amafewetsa zinyalalazo kuti zisanduke chakudya chake. Mvula ikagwa bowa uja amaboola dothi, amayi athu n'kukazula, ife n'kudyera nsima osadziwa kuti takolola m'munda mwa eni ake. Mu 2016 akatswiri analengeza kuti kudera la Rukwa ku Tanzania, kwa anansi athu pompa, anapeza minda yotereyi itasanduka miyala, ya zaka 25 miliyoni. Anthufe ulimi tauyamba zaka pafupi-fupi 12,000 zapitazo. Ndiye mlimi wamkulu ndani pamenepa?

Chinanso, chiswe chomanga chulucho sichiona, maso chilibe. Palibe foromani, palibe pulani, palibe tenda yoti wina adyepo. Koma nyumba yake ili ndi tinjira todutsa mpweya kuti za mkati zizipuma bwino. Ku Harare kuli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi yotchedwa Eastgate, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Amene anajambula pulani yake, a Mick Pearce, nzeru yoziziritsira nyumbayo anaitengera pa chulu. Mnzathu anayang'ana chulu n'kuonapo sukulu. Ife tikachiyang'ana timangoonapo dothi loumbira njerwa.

Ndinatuluka m'nyumba mwa aphunzitsi aja ndili ndi manyazi. Kusadziwa si mlandu, palibe anabadwa akudziwa. Chinandiwawa n'chakuti ndinathamangitsa mwana amene anaona chinthu chomwe ine ndachiponda kwa zaka zoposa 20. Iye anagwada n'kuyang'ana, ine ndinali pa foni. Akulu akale sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Iwe mnyamata wakhuta eti? Anthu akugona ndi njala, iwe uli pa ukwati wa ngumbi?" Zoona, kudabwa sikuphikidwa m'poto, ndipo lendi ya nyumba sungalipire ndi nkhani za manthu. Inenso mwezi uno eni nyumba andiyendera kawiri. Koma tandiuzani, umphawi utatilanda ndalama, tiulole utilandenso maso? Kuyang'ana n'kwaulere. Boma lililonse limene labwera chiyambire 1994 lapeza pokhometsa msonkho, koma pa ichi palibe lomwe lafikapo.

Ndipo nkhaniyi si yongosangalatsa mtima ayi. Tikudandaula tsiku ndi tsiku kuti dziko lino likusowa madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a zaulimi. Kodi timayesa anthu amenewa amachokera kuti? Amachokera mwa ana ogwada pa simenti aja, ofunsa kuti zikupita kuti. Mwana wotere ukamuuza katatu kuti kagone, kachinayi safunsanso. Amaphunzira kuti kufunsa ndi mwano, ndipo akakula amangolandira chilichonse chimene auzidwa, kaya ndi m'kalasi, kaya ndi pa msonkhano wa chipani. Kenaka ife tomwe n'kumadabwa kuti bwanji anthu akungowombera m'manja mabodza.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuitana mwana uja n'kupepesa. Inde, malume wathunthu kupepesa kwa mwana wa Sitandade 3, achemwali anga mpaka anasuzumira pa windo kuti aone ngati ndili bwino-bwino. Ndinamufotokozera zonse za mapiko, za manthu ndi za munda wa bowa. Anamvetsera ali duu, kenaka anati:

"Ndiye amalume, chiswecho chimadziwa bwanji kuti kunja kwagwa mvula chili pansi?"

Ulendo uno sindinamuthamangitse. Ndinamuuza kuti Loweruka tipitira limodzi kwa aphunzitsi aja, akawafunse yekha. Wayamba kale kusunga mafunso ena m'kope lake la masamu.

Ngumbi sindinasiye kudya, musandimve molakwa. Za m'beseni zija tinakazinga ndipo zinatha tsiku lomwelo. Koma ziwiri zomwe zinkalowera kuseri kwa bafa tinazisiya zipite, mwanayo ndiye analamula. Eni nyumba akamva kuti ndikuweta chiswe pa malo awo, mundisungireko chipinda.

Mvula ikagwanso kwanuko, ikani foni m'thumba kwa mphindi zisanu zokha, mugwade pafupi ndi mwana wanu, muone zomwe akuona. Tikumane sabata ya mawa, tibwerere ku ndale zathu zija.