Kusadza mitengo: chikwanje chilekere pati?

Mvula ikayandikira, m'minda yambiri mumamveka chikwanje. Mlimi akufuna dzuwa lifike pa chimanga, ndiye mango kapena keshya wa m'malire amasadzidwa mpaka kutsala thunthu lokha. Alangizi a zankhalango amati kumeneko ndi kupha mtengo pang'onopang'ono. Mlimi amayankha kuti chaka chatha anausadzanso, nanga si uwu unaphukira bwinobwino? Onse ali ndi mfundo, koma mfundo zawo sizilemera mofanana.

Mtengo sudya dothi. M'nthaka umangotengamo madzi ndi michere, koma chakudya chenicheni chimapangidwa m'masamba. Tsamba limakoka mpweya wa kaboni kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa limauphatikiza ndi madzi n'kupanga shuga. Shugayo ndiye amamanga thunthu, mizu, maluwa ndi zipatso. Wotsala amasungidwa m'mizu ndi m'thunthu, momwe muli ngati nkhokwe ya mtengo.

Masamba akachotsedwa onse, mtengo umatapa m'nkhokwemo kuti utulutse ena msanga. Zina zonse zimayamba zaima. Thunthu limaleka kunenepa, timizu ting'onoting'ono timafa chifukwa palibe chotidyetsa, ndipo zipatso zimasowa. Mango amachita maluwa kunsonga za nthambi zokhwima, choncho wosadza mango onse asadabwe akakhala nyengo imodzi kapena kuposerapo osatola kanthu. Mphukira zobiriwira zimene mlimi akuloza si umboni wa thanzi ayi. Ndi mtengo ukuthamangira kubwezeretsa zomwe wataya. Zimamera mothithikana, sizigwira thunthu mwamphamvu, ndipo mphepo yamkuntho imazithyola mosavuta. Bala lalikulu la chikwanje nalo limachedwa kutsekeka, n'kukhala khomo la chiswe ndi kuwola.

Komabe wonena kuti mtengo usakhudzidwe konse akulakwitsanso. Masamba sagwira ntchito mofanana. Nthambi za m'munsi zimene zili pamthunzi zimapanga chakudya chochepa kwambiri, ndipo kuzichotsa sikubwezera mtengo m'mbuyo kwenikweni. N'chifukwa chake m'nkhalango za paini monga ya Chikangawa nthambi za m'munsi zimadulidwa kuti matabwa adzatuluke opanda mfundo. Akatswiri anapezanso kuti mtengo ukaduliridwa pang'ono, masamba otsala amawonjezera ntchito, poti kuwala, madzi ndi michere tsopano zikugawidwa kwa ochepa.

Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ndi chitsanzo chimene chimandigwira mtima. Atasiyidwa, tiyi amakula n'kukhala mtengo wautali ndithu. Amakhala wofika m'chiuno chifukwa amathyoledwa nsonga kawirikawiri ndi kuduliridwa kwambiri pakapita zaka zingapo, koma chitsamba chomwecho chimakhala zaka makumimakumi chikubereka. Chinsinsi chake n'chakuti olima tiyi amasamala za chakudya chosungidwa m'mizu. Amadziwa kuti chitsamba choduliridwa chitatheratu mphamvu chimachedwa kuphukira, mwinanso kuuma kumene.

Ku Makoka, pafupi ndi Zomba, ofufuza a bungwe la ICRAF anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzala gliricidia pakati pa chimanga. Mtengowu umadulidwa pafupi ndi pansi, masamba ake n'kukwiriridwa m'mizere ngati manyowa, ndipo umaphukiranso chaka ndi chaka. Ku Niger, kuyambira m'ma 1980, Tony Rinaudo analimbikitsa alimi a m'chigawo cha Maradi kusankha mphukira zochepa zamphamvu pa chitsa n'kudula zotsalazo. Mizu yakale inkathira mphamvu zake zonse m'mphukira zosankhidwazo, ndipo minda imene inali mbee inadzazanso ndi mitengo. Apa mpeni ndi umene unabweza nkhalango.

Pali mfundo ina imene osadza amaikonda: mitengo ya m'tchire monga tsamba ndi mombo imayoyola yokha masamba m'chilimwe, koma siifa. N'zoona, koma kuyoyola ndi kusadzidwa n'zosiyana. Mtengo usanataye tsamba umayamba wabweza michere yambiri ya m'tsambalo kulowa m'nthambi, ndipo umalitaya pa nthawi imene madzi asowa, pomwe tsambalo likanangouumitsa. Masamba ofiirira aja amene amakongoletsa mapiri mvula isanagwe amatuluka ndi chakudya chosungidwa. Woudula nthawi imeneyo, utangowononga chosunga chake pa masamba atsopano, amaupweteka koposa. Ngakhale nsangu, imene imayoyola m'dzinja n'kusiyira chimanga dzuwa, imachita zimenezi pa nthawi yakeyake.

Ine ndikuona kuti alangizi ali pafupi ndi choonadi kuposa mlimi wosadza mpaka thunthu, ngakhale kuti chifukwa cha mlimiyo n'chomveka. Munda ndi waung'ono, nkhuni zikusowa, ndipo mthunzi umachepetsadi zokolola. Kumuuza kuti asiye chikwanje n'kutaya nthawi. Chomuthandiza n'kumuonetsa muyeso umene osamalira mitengo ambiri amatsata: pa magawo anayi a masamba, osachotsa loposa limodzi pa chaka, kuyambira ndi nthambi za m'munsi, zouma ndi zopingasana, ndiponso kudula mosalaza pafupi ndi thunthu osasenda khungwa. Mtengo wokalamba kapena wofooka ndi chilala uchotsedwe zochepa kuposa pamenepo.

Muyeso umenewu sungathetse njala ya nkhuni, ndipo apa ndi pamene uphungu wambiri umaperewera. Banja lofuna mitolo ingapo chaka chilichonse lifunika mitengo yopirira kudulidwa, monga gliricidia ndi keshya, yodzalidwa dala m'malire ndi kudulidwa mosinthanasinthana kuti uliwonse upeze nyengo yopuma. Zitsa zake zitetezedwe ku mbuzi ndi moto wolusa, chifukwa mphukira zikadyedwa kapena kupsa kawiri katatu motsatizana, chosungidwa m'mizu chimatha ndipo chitsa chimauma.