Mmisiri wa Masamba a Paintaneti ndi Zida Zake

Funso limene achinyamata otsiriza sukulu amakonda kufunsa amisiri omanga masamba a paintaneti ndi lakuti: "Kodi ndiphunzire chida chiti kuti ndipeze ntchito msanga?" Aphunzitsi nawonso amafunsa chimodzimodzi pofuna kudziŵa choyamba kuphunzitsa. Funsoli nlofunika ndithu, pakuti mwana amene wathera miyezi yake ndi ndalama za makolo pa chida chosakhalitsa palibe amene angamubwezere. Ife tikuti ayambe ndi pepala ndi pensulo, kenaka HTML ndi CSS, ndipo zida zotchuka zibwere pambuyo.

Tsamba lisanamangidwe, mmisiri amayamba wapanga chitsanzo chake, monga momwe womanga nyumba amayamba wajambula pulani asanaumbe njerwa. Chitsanzocho chimaonetsa pamene padzakhale mutu, pamene padzakhale batani, ndi chimene chidzachitike munthu akalidina. Masiku ano ambiri amachita zimenezi ndi Figma, pulogalamu ya Dylan Field ndi Evan Wallace imene idatulutsidwa kwa anthu onse m'chaka cha 2016. Ubwino wake sitiukana. Anthu angapo angathe kujambula pa chitsanzo chimodzi nthaŵi imodzi ngakhale ali m'mizinda yotalikirana, ndipo siisankha kompyuta monga inzake ya Sketch, imene pojambula imafuna Mac.

Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chitsanzo chotere ndi chithunzi chabe. Sichichedwa kutseguka, sichidya bandulo, ndipo mawu onse amene alimo ngokwana bwino m'malo mwake chifukwa wojambula adachita kuwasankha. Mwini ntchito akachiona amaomba m'manja naganiza kuti zonse zatha, chikhalirecho njerwa ndi imodzi yomwe siinaikidwe. Zoona zake zimadzaoneka tsamba lenileni likafika pa foni yotsika mtengo, kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndiponso mawu a Chicheŵa, amene kaŵirikaŵiri amatalika kuposa a Chingerezi, akasefukira kunja kwa batani. Chojambula cha papepala, poti nchosakongola, sichinyenga munthu. Amene mwamuonetsa sachita manyazi kunena kuti, "Apa sindikumva," chifukwa akuona kuti kufufuta nkosavuta. Chinthu choŵala anthu amaopa kuchidzudzula, ndipo cholakwa chimene sichidanenedwe pa pepala chimadzakonzedwa ndi ndalama zambiri tsamba litamangidwa kale.

Chinanso nchakuti zida zimafa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, mmisiri wosadziŵa Flash ankaoneka wotsalira. Masamba ovinavina, maseŵero, ngakhale makanema oyamba a YouTube ankadalira iyo. M'chaka cha 2010 Steve Jobs adalemba kalata yofotokoza chifukwa chimene iPhone sinkailolera, ndipo pa 31 Disembala 2020 kampani ya Adobe idaleka kuisamalira. Masamba amene adamangidwa ndi Flash yokha adasanduka mabwinja. InVision, imene kwa zaka zingapo idali patsogolo pa zitsanzo zodinika, idatseka ntchito zakezo kumapeto kwa 2024. Figma yomweyo idatsala pang'ono kugulidwa ndi Adobe, pamene mu 2022 adagwirizana mtengo wa madola 20 biliyoni. Malondawo adalephereka mu Disembala 2023 oyang'anira za malonda ku Ulaya ndi ku Britain atakayika nawo. Chida cha kampani chimatsata malonda a kampaniyo, ndipo wochigwiritsa ntchito safunsidwa.

Tsono yerekezani ndi tsamba loyamba padziko lonse, limene Tim Berners-Lee adalilemba ku CERN, pafupi ndi Geneva, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Lidabwezeretsedwa pa adiresi yake yakale mu 2013, ndipo foni ya lero imalitsegula popanda vuto. Lidalembedwa ndi HTML yokha, chilankhulo chimene chimauza kompyuta kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, apa ndi podina. CSS, imene idakhazikitsidwa mu 1996, ndiyo imalamula maonekedwe. Ziŵirizi sizili m'manja mwa kampani imodzi.

Asatimve molakwa aŵerengi. Sitikunyoza React, imene Facebook idaitulutsa mu 2013, kapena Bootstrap, imene idachokera ku Twitter mu 2011. Olemba anthu ntchito amazifuna, ndipo wofuna ntchitoyo adzaziphunzira ndithu. Koma zonsezo pomaliza zimabala HTML ndi CSS yomweyo. Nawo mapulogalamu atsopano aja amene amakulemberani tsamba mukangowafotokozera chimene mukufuna amatulutsa zomwezo, ndipo zikasokonekera wosadziŵa maziko amangogwira njakata, osadziŵa pogwira.

Kwa aphunzitsi nkhaniyi ili ndi mbali yokondweretsa. Figma imafuna intaneti kuti ana agwire ntchito pamodzi, koma HTML siifuna bandulo. Kompyuta yakale imene ili ndi Notepad ndi pulogalamu yotsegulira masamba njokwanira. Mwana ajambule papepala tsamba la zotsatira za mayeso, alionetse kwa anzake atatu namva pamene asokonezeka, kenaka alilembe, alisunge ndi dzina lothera ndi .html, ndipo alitsegule. M'gawo lotsatira tidzafotokoza momwe angalisamutsire pa foni kuti aone ngati likuŵerengeka padzuŵa.