Makina amphamvu oonera tizilombo ku Cape Town: kodi ofufuza a m'Zambia angapindule motani?

M'caka ca 2022, pa yunivesiti ya Cape Town m'dziko la South Africa panatsegulidwa malo amene akatswiri a sayansi ocokera m'maiko onse a mu Africa angagwiritsireko nchito makina amakono a maikulosikopu popanda kulipira. Malowa anakhazikitsidwa pansi pa ndondomeko ya Africa Microscopy Initiative, ndi thandizo la ndalama locokera ku mabungwe a Chan Zuckerberg Initiative ndi Gates Foundation. Mmodzi mwa amene anatsogolera nchitoyi ndi Teng-Leong Chew wa ku Janelia, m'dziko la America.

Anthu ambiri amaidziwa maikulosikopu ya pa cipatala, imene amapimira magazi pofuna malungo kapena makhololo pofuna cifuwa cacikulu ca TB. Makina otere agwira nchito yaikulu cionereni Robert Koch kacilombo ka TB m'caka ca 1882. Koma ali ndi polekezera. Mu 1873, Ernst Abbe anaonetsa kuti maikulosikopu yodalira kuwala singasiyanitse zinthu ziwiri zoyandikana kwambiri. Malire ake ali ngati cigawo cimodzi ca milimita itagawidwa m'zigawo 5,000. Kacilombo ka HIV n'kocepa kuposa pamenepo.

Malirewo anadumphidwa ndi njira zatsopano zimene zinapezetsa Eric Betzig, Stefan Hell ndi William Moerner mphoto ya Nobel mu 2014. Palinso makina ochedwa confocal, amene amagwiritsa nchito kuwala kwa laser kujambula kanyama ka m'thupi m'magawomagawo, kenaka kompyuta n'kulumikiza zithunzizo kuti cinthuco cioneke cathunthu.

Apa ndi pamene ofufuza za citetezo ca m'thupi akuyang'ana. Kacilombo ka TB kakalowa m'mapapo, asilikali ena a m'thupi amakameza ndi colinga coti akaphe. Kawirikawiri kacilomboko sikafa. Kamabisala mkati mwa msilikali yemweyo, ndipo asilikali ena amazinga malowo n'kupanga kacotupa kamene kangakhale cete kwa zaka zambiri. HIV ikafooketsa citetezo, mpanda uja umagwa ndipo munthu amayamba kudwala. Maikulosikopu ya pa cipatala imangonena kuti kacilombo kalipo. Makina atsopanowa amaonetsa nkhondo yeniyeniyo, nthawi zina ikucitika m'maselo amoyo, ndipo wofuna kupanga katemera kapena mankhwala ayenera kuimvetsa nkhondo imeneyo.

Nzeru yoika makinawa pamalo amodzi kuti ambiri azibwerekana ndi yomveka. Kugula ndi ciyambi cabe. Makina otere amafuna cipinda cosagwedezeka, cozizira mofanana usana ndi usiku, malo aakulu osungira zithunzi pa kompyuta, ndiponso katswiri woti aziwakonza. Amafunanso magetsi osadukizadukiza, nkhani imene anthu a m'Zambia akuidziwa bwino kucokera mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku. Makina a mtengo wapatali amene aima cifukwa cosowa kacitsulo kamodzi sasiyana ndi khasu lopanda mpini.

Zambia si mlendo pa kafukufuku wa matenda. Malo ofufuzira matenda a m'maiko otentha anatsegulidwa ku Ndola mu 1975 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, ndipo ku yunivesiti ya Zambia ndi ku cipatala ca UTH kwacitika kafukufuku wambiri wa TB ndi HIV. Koma ulendo wa ku Cape Town uli ndi zipsinjo zake. Lamulo la kafukufuku wa za umoyo la mu 2013 limafuna kuti wotulutsa magazi kapena tinyama ta anthu kunja kwa dziko ayambe wapeza cilolezo. Lamuloli ndi loyenera, pakuti limateteza eni ake a magaziwo, koma wofufuza ayenera kukonzekera nthawi ikalipo. Maselo amoyo nawonso sapirira ulendo wautali, ndipo tizilombo ta TB tamoyo timafuna cipinda ca citetezo capadera.

Cina codetsa nkhawa ndi ndalama. Nchitoyi inayamba ndi thandizo la mabungwe akunja, ndipo caka ca 2025 cinaonetsa kuopsa kodalira thumba la wina, pamene boma la America linadula ndalama zambiri za umoyo ndi kafukufuku, kuphatikizapo za ku South Africa. Ciwerengero ca makina amene ali ku Cape Town sicidzasintha zambiri kuno kwathu ngati ophunzira a ku Lusaka ndi Ndola amene angapiteko adzabwerera n'kupeza kuti m'bajeti ya yunivesiti kapena ya unduna wa za umoyo mulibe ndalama zolembera katswiri wosamalira makina, kapena zogulira zitsulo zosinthira pa makina amene alipo kale.