Mpeni wa dokotala suumba katswiri

M'chaka cha 2009, mtsikana wa ku Romania wosewera tenisi, Simona Halep, anachitidwa opaleshoni yochepetsa mabere ali ndi zaka 17. Mwini wake ananena poyera kuti mabere ake anali olemera moti msana unkamupweteka, ndipo ankavutika kutembenuka mwachangu pothamangira mpira. Mu Okutobala 2017 anakhala woyamba pa mndandanda wa amayi osewera tenisi pa dziko lonse. Mu 2018 anatenga chikho cha French Open ku Paris, ndipo mu 2019 anagonjetsa Serena Williams m'ndime yomaliza ya Wimbledon ku London pasanathe ngakhale ola limodzi.

Nkhani ya Halep ndiyo imayamba kutchulidwa anthu akamakambirana za mabere ndi masewera, ndipo mu Johannesburg, mzinda umene ambiri amangouti Joni, nkhaniyi si yongocheza chabe. Madokotala ochita opaleshoni imeneyi alimo, makamaka m'zipatala zolipira za kumadera a anthu opeza bwino monga Sandton ndi Rosebank, kotero mayi wothamanga kapena mtsikana wa ntchemberembaye akhoza kufunsa mtengo lero n'kupatsidwa tsiku. Ena akamva za Halep amati mpeni ndiwo unabala chikho. Ena amaipidwa, nati kudula bere n'kunyoza Mlengi. Magulu onse awiriwa aphonya. Opaleshoniyi ndi chithandizo chenicheni kwa amayi owerengeka amene kukula kwa mabere kwawasandukira matenda, ndipo sayenera kuchitidwa nayo manyazi. Koma atsikana ochuluka amene akusiya masewera chifukwa cha mabere, kaya ku Soweto, ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete, chowasowa ndi chovala choyenera pachifuwa ndi munthu wamkulu womasuka kumuuza kuti akumva kupweteka.

Vutoli gwero lake ndi mapangidwe a bere. M'bere mulibe mnofu woti munthu angaulimbitse ponyamula zitsulo monga momwe amalimbitsira mkono kapena ntchafu. Muli mafuta ndi tizigawo topanga mkaka, ndipo zonsezi zimagwiridwa ndi khungu pamodzi ndi timinyewa topyapyala timene dokotala wa ku England, Astley Cooper, anatifotokoza mu 1840. Munthu akamathamanga, chifuwa chimakwera ndi kutsika, bere n'kumatsalira m'mbuyo kenako n'kugwa ndi kulemera kwake konse. Akatswiri a ku University of Portsmouth, motsogozedwa ndi Joanna Wakefield-Scurr, anayeza kayendedwe kameneka ndi makamera ndipo anapeza kuti bere siliyenda chokwera ndi chotsika chokha: limapitanso cham'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumajambula chinthu chonga nambala 8. Ngati palibe cholichirikiza, likhoza kusuntha mpaka masentimita 15. Kafukufuku wina amene anachitika pakati pa amayi othamanga mpikisano wa London Marathon mu 2012 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ankamva kupweteka kwa mabere. Mabere akakula kwambiri, kulemerako kumakokera mapewa kutsogolo, khosi ndi msana zimatopa, zingwe za bra zimasiya mikwingwirima pamapewa, ndipo kunsi kwa bere kumatuluka zilonda chifukwa cha thukuta ndi kukhulana kwa khungu. Mayi wotereyu akadandaula sakunamizira, ndipo si ulesi.

Kwa mayi wofika pamenepo, opaleshoni imathandizadi. Dokotala amamugonetsa ndi mankhwala, amachotsa gawo la mafuta, la tizigawo ta mkaka ndi la khungu, kenako amakwezera nsonga ya bere pamalo oyenera n'kusoka. Ntchitoyi imatenga maola awiri kapena kupitirirapo, ndipo wodwala amauzidwa kuti apewe masewera olemetsa kwa masabata pafupifupi 6. Amayi ambiri amene anachitidwa opaleshoniyi amanena kuti msana ndi khosi zinapepuka, ndiponso kuti anayamba kuyenda ndi kuthamanga momasuka. Umenewu ndi umboni wokwanira kuti munthu asamanyozedwe poifuna.

Komabe zaka za moyo wa Halep zikayalidwa bwino, zimaonetsa malire a zimene mpeni ungachite. Iye anali katswiri kale asanapite kuchipatala, pakuti mu 2008 anali atapambana kale mpikisano wa achinyamata wa French Open. Atachitidwa opaleshoni sanadzuke m'mawa mwake ali pamwamba. Panadutsa zaka zinayi kufikira 2013, chaka chimene anapambana mipikisano 6 ya akuluakulu, ndipo asanatenge chikho cha 2018 anagonja katatu m'ndime zomaliza za mipikisano ikuluikulu. Opaleshoni inamuchotsera chopinga chimodzi, ululu, ndipo zotsalazo anazipeza ndi thukuta, aphunzitsi abwino ndi kupirira. Mtsikana amene angaganize kuti akachepetsa mabere liwiro libwera lokha adzataya ndalama n'kutsala ndi zipsera.

Zipserazo n'zoyenera kuzitchula, chifukwa zotsatsa malonda za pa intaneti zimakonda kuonetsa nkhope zomwetulira zokha. Opaleshoniyi imasiya chipsera chozungulira nsonga ya bere, china chotsika pansi, ndipo kawirikawiri china chodutsa kunsi kwa bere. Anthu a khungu lakuda ndiwo amakhala pa chiopsezo chachikulu chakuti chipsera chitupe n'kukhala chotukuka, chimene madokotala amachitcha keloid. Nsonga ya bere ikhoza kuchita dzanzi kwa kanthawi kapena mpaka kalekale. Bala limachedwa kupola mwa munthu wosuta fodya kapena wodwala shuga. Ngati opaleshoni yachitika thupi lisanamalize kukula, kapena mayi akadzatenga pakati pambuyo pake, mabere akhoza kukulanso. Chachikulu koposa kwa anthu a kwawo kwa Achewa ndi kuyamwitsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Amayi ena amene anachepetsa mabere amayamwitsa bwinobwino, ena mkaka umawachepera, malinga ndi kuchuluka kwa zimene zinachotsedwa ndi njira imene dokotala anatsata. M'banja limene mkaka wa m'chitini ndi wodula, funso limeneli liyenera kufunsidwa munthu asanagone pa tebulo la opaleshoni.

Mu Johannesburg, amene angathe kufikira chithandizochi ndi ochepa. M'zipatala zolipira mtengo wake umakwana marandi zikwi makumi angapo. Makampani ambiri a medical aid amaika opaleshoniyi m'gulu la zokongoletsa thupi, motero salipira, kapena amafuna makalata ambirimbiri a madokotala asanavomere. Zipatala zikuluzikulu za boma, monga Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath, zili ndi madokotala a luso limeneli, koma manja awo amatanganidwa ndi odwala khansa, opsa ndi moto ndi ovulala pa ngozi, kotero wodandaula msana amadikira nthawi yaitali. Mayi wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, wochapa ndi kukolopa atawerama tsiku lonse, angakhale ndi ululu wofanana ndi wa Halep, koma njira yake yopita kwa dokotala woteroyo ndi yaitali kwambiri.

Apa mawu ali ndi mphamvu. Chinthu chikangotchedwa chokongoletsa, chimachoka m'gulu la matenda n'kulowa m'gulu la zilakolako, ndipo wochifuna amaoneka ngati wa matama. Palibe amene amati wochotsa ng'ala m'diso akudzikongoletsa. Mayi amene mapewa ake adyeka ndi zingwe, amene sangathamangire minibasi popanda kugwira chifuwa, akufuna kuchira, ndipo malamulo a makampani a inshuwalansi ayenera kumuona motero. Kwa amene ali ndi ndalama, nzeru ndi kutsimikiza kuti dokotalayo analembetsa ku bungwe la Health Professions Council of South Africa ngati katswiri wa opaleshoni yokonza thupi, chifukwa kutchipa kwa pa intaneti kwapweteketsa ambiri.

Nkhawa ya amene amati thupi ndi la Mulungu ili ndi mbali ina yoyenera kuimvera, makamaka m'dziko la South Africa. Caster Semenya, katswiri wothamanga mtunda wa mamita 800, anauzidwa ndi bungwe loyendetsa masewera othamanga pa dziko lonse kuti azimwa mankhwala otsitsa mahomoni a testosterone ngati akufuna kupitiriza kupikisana ndi amayi anzake. Anakana, anakasuma, ndipo mu 2019 khoti la masewera la ku Lausanne linagamula mokomera bungwelo. Kusiyana kwa nkhani yake ndi ya Halep kuli pa amene anapanga chisankho. Halep anasankha yekha chifukwa thupi linkamupweteka. Semenya sankamva kupweteka kulikonse, koma ena ndiwo anafuna kusintha thupi lake. Muyeso wake ndi umenewo: kochi, chibwenzi, kholo kapena wothandiza timu ndi ndalama alibe ufulu wokankhira mtsikana ku opaleshoni pofuna mendulo, monganso alibe ufulu womuletsa pamene mwini wake, atakula ndi kumva zoopsa zonse, waona kuti ululu wamukwana.

Chiwerengero chimene chiyenera kusowetsa anthu tulo n'china. Mu 2016, akatswiri a ku Portsmouth aja anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa atsikana a sukulu oposa 2,000 a ku Britain, ndipo 46 mwa 100 alionse anati mabere amawasokoneza pochita masewera. Amenewo ndi atsikana a m'dziko limene bra yamasewera imapezeka m'sitolo iliyonse ya zovala. Chovalachi sichakale kwenikweni: anachipanga mu 1977 ndi amayi atatu a ku America, Lisa Lindahl, Polly Smith ndi Hinda Miller, atatopa ndi kupweteka pothamanga. Ntchito yake ndi kukanikiza mabere pachifuwa kapena kugwira lililonse palokha kuti lisagwedezeke. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, mtsikana wamba amavala chimene wapeza pa kaunjika, chosayezedwa, cholekerera kale mphira. Wina amavala makamisolo awiri, wina amamanga chitenje pachifuwa mpaka kupuma movutikira, wina amangothamanga atapinda mikono. Anyamata akayamba kukuwiza m'mbali mwa bwalo, tsiku lotsatira mtsikanayo amanena kuti mutu ukumupweteka, ndipo chaka chikamatha dzina lake silipezekanso pa timu.

Mayiko amenewa si osauka pa luso. Timu ya Malawi Queens inamaliza pa nambala 7 pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye umene unachitikira ku Cape Town mu 2023, woyamba kuchitikira mu Africa. Mwai Kumwenda wasewera zaka zambiri ku Australia. Temwa Chawinga anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wamiyendo wa amayi ku America mu 2024, chaka chomwecho chimene Barbra Banda wa ku Zambia anatchedwa wosewera wamkazi wopambana mu Africa. Onsewa anadutsa msinkhu umene atsikana ambiri amagwera m'njira. Amene anasiya ali ndi zaka 13 chifukwa cha manyazi ndi ululu palibe anawawerenga, ndipo pakati pawo payenera kuti panali ena a luso lofanana ndi limenelo.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa sichiopa liwu lakuti bere. Ena amati mabere, ena mawere, koma onse amadziwa kuti ana a mayi mmodzi ndi a bere limodzi, ndipo pa nkhani ya ufumu akuluakulu amasiyanitsa bere lalikulu ndi bere laling'ono, kutanthauza mbumba za azimayi osiyana a m'banja limodzi. Mayi amayamwitsa m'basi kapena m'tchalitchi popanda womucheukira. Liwuli limayenda momasuka pokamba za mwana ndi za mtundu, koma likafika pa mwini berelo ndi kupweteka kwake, pakamwa pamauma. Mtsikana sangauze kochi wamwamuna kuti chifuwa chikumupweteka akadumpha, ndipo anankungwi amene amamulangiza akatha msinkhu amamuuza zambiri za ulemu ndi za ukhondo, osati za mmene angathamangire thupi likasintha. Chilankhulo chili ndi mawu okwanira, chimene chikusowa ndi chizolowezi chowagwiritsa ntchito pa nkhani imeneyi.

Ntchito yoyamba, tsono, ndi yotchipa. Sukulu kapena timu imene imagula mayunifomu, nsapato ndi mipira iyenera kuwerengera bra yamasewera pa ndandanda womwewo, ndipo atsikana aziyezedwa ndi mayi wodziwa, chifukwa yosakwana bwino siithandiza. Timu iliyonse ya atsikana ikhale ndi mayi wamkulu amene osewera angamuuze zakukhosi. Magulu a Amalawi ndi a anthu a ku Zambia okhala ku Joni, amene amasonkha ndalama za maliro ndi kutumiza katundu kumudzi pa mabasi, akhoza kuika zovala zimenezi m'katundu wopita ku matimu a kwawo. Mtsikana amene ululu sukumuleka ngakhale wavala choyenera apite naye kuchipatala kuti akapimidwe, pakuti si kupweteka konse kwa bere kumene kumachokera ku kulemera. Akapimidwa n'kupezeka kuti mabere akuladi mopyola muyeso, pamenepo nkhani ya opaleshoni ikambidwe poyera, iye mwini atamva za zipsera ndi za kuyamwitsa, popanda womuseka kapena womukakamiza.