Zitini ziwiri za simenti kuseri kwa nyumba

Mphwanga wa ku Embangweni wagwidwa ndi matenda a galasi. Ndinamupeza mwezi watha kuseri kwa nyumba ya mayi ake, malaya atavula, akulimbana ndi paipi yomwe uku ndi uku anaimatirira zitini za penti zodzaza simenti. Benchi lake ndi thabwa la paini la ku Chikangawa, loyalidwa pa njerwa. Akakweza kakhumi amathamangira pa kagalasi kosweka komwe anakoleka pamtengo wa mango, n'kupinda mkono kuti aone ngati katumba watuluka.

Mnyamatayu si lova. Tambala akamalira iye ali kale kudambo, kuponda dothi ndi kuumba njerwa. Ikabwera lole ya mavenda a soya ndi chimanga, woyamba kuitanidwa kukakweza matumba ndi iyeyo. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50, choncho akakweza 60 ndiye kuti matani atatu adutsa pamsana pake dzuwa lisanapendeke. Madzulo, m'malo mogona pamphasa, akuyamba za zitini zija.

"Asibweni," anatero, poti kumeneko malume amaitanidwa choncho, "miyezi inayi ndikunyamula, koma ndikungouma ngati usipa. Kodi ndiwonjezere simenti?"

Ndinamuuza kuti simenti yakwana. Chomwe chikuperewera chili m'mbale ndi pamphasa.

Anyamata ambiri amayesa kuti mnofu umakula nthawi yomwe munthu akubuula pansi pa chitsulo. Ayi. Chitsulo chimangoutopetsa ndi kuupweteka pang'ono, ndipo thupi limaukonza munthu ali m'tulo, n'kuuwonjezera kuti mawa usavutikenso chimodzimodzi. Ntchito yokonzayo imafuna pafupifupi masiku awiri, tulo ta maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo, ndi chakudya choposa chomwe thupi latentha. Tsono ganyu ndi zitsulo zimatapa m'nkhokwe imodzi. Ukatapa m'mawa, n'kutapanso madzulo, osathiramo kanthu, nkhokwe sikhalira kupendama.

Tiyeni tiwerenge za m'mbalemo. Ofufuza amati wofuna kukuza minofu adye magalamu pafupifupi 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, tsiku ndi tsiku. Mphwanga, wa makilogalamu 60, akufunika magalamu oyandikira 100. Dzira limodzi lili ndi 6 okha. Iye m'mawa amamwa chindongwa, chomwe kwathu timati thobwa, masana mitanda isanu ya nsima ndi chigwada, madzulo kambale ka chipisi pa msika. Mimba imadzaza, koma zomangira thupi n'zochepa. Chondipweteka n'chakuti soya yemwe amasenza tsiku lonse kupititsa ku Jenda, gawo limodzi mwa magawo atatu ake ndi puloteni, ndipo mtedza ndi nyemba sizitsalira patali. Dera lonselo ndi la ng'ombe, mkaka wowawasa anthu amaudziwa kuyambira kale. Koma mnyamata wa lero angalole kusunga ndalama za chibotolo cha ufa wa puloteni wa m'sitolo ya ku Mzuzu, kusiyana n'kukazinga soya n'kupita naye kuchigayo.

Pakhoma la gowelo lake pali chithunzi chofwifwa cha Arnold Schwarzenegger. Bamboyo anapambana Mr Olympia kasanu ndi kawiri, koma sanaumbepo njerwa kudambo m'mawa wa mpikisano, ndipo anavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala okuzira minofu. Kudziyerekeza naye n'kupikisanitsa ng'ombe yapangolo ndi ya m'khola lonenepetsera.

Komanso ndani anati thupi louma ndi lofooka? Tchalitchi chachikulu cha pa Loudon ku Embangweni komweko, mishoni yomwe Donald Fraser anayambitsa mu 1902, njerwa zake zinaumbidwa ndi kusenzedwa ndi anthu omwe sanaonepo jimu. Amuna a ku Mzimba omwe ankatengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, anali a matupi ngati a mphwangayu. Pitani mukaone okumba zitsime za bungwe la Marion Medical Mission m'midzi yozungulira, mu September ndi October madzi akatsika: mikono yawo ndi yowonda, koma mukapatsana nawo moni zala zimalira. Ntchito yobwereza tsiku lonse imalimbitsa munthu, kungoti siimutupitsa, chifukwa katundu wake sasintha ndipo mpumulo palibe.

Sindinamuletse zitini zake. Mnyamata amene madzulo ali kuseri kwa nyumba ndi paipi ndi wabwino kuposa amene ali pa kachasu. Tinangopangana zochepa. Anyamule kawiri pa sabata, kwa mphindi zosaposa 40, ndipo tsiku limodzi likhale Loweruka madzulo poti Lamulungu kulibe ganyu. Tsiku lomwe kwabwera lole, paipi isakhudzidwe. Msana ndi miyendo zimalandira kale gawo lake kudambo, ndiye madzulo azingochita za chifuwa, mapewa ndi kudzikoka pa nthambi ya mango. Mvula ikagwa, khasu likayamba ndipo ufa ukamachepa m'nyumba cha mu January ndi February, zitinizo zikapume pakhonde mpaka zokolola zitalowa. Wa mu ofesi akathyola msana amapempha tchuthi, malipiro n'kumabwerabe. Woumba njerwa akauthyola, moto kukhitchini umazima tsiku lomwelo.

Anamvetsera mutu uli pansi, kenaka n'kuulula chomwe chikumuthamangitsa: mnzake yemwe ali ku Johannesburg anamuuza kuti ntchito yaulonda pa zitseko za mabala amalemba adzitho okhaokha.

Pobwerera ndinamusiyira ndalama ya mazira. Mlongo wanga wandiimbira dzulo kuti mazirawo anagula asanu, yotsalayo anagulira simenti theka la ndowa.