Ludzu la mafumu a ku Rajasthan

Aliyense wopita kukaona malo ku Rajasthan, kumpoto chakumadzulo kwa India, amabwerako ndi zithunzi zofanana: njovu yopakidwa utoto ikukwera chitunda cha ku Amber, khoma la Hawa Mahal ndi timawindo take 953, nyumba zabuluu za ku Jodhpur, ngamila ili pamchenga. Okonza maulendo anayala kale zonse. Basi ikutsitsani pachipata, wotsogolera alendo akweza kambendera, inu mumthamangire pambuyo, mujambule, mugule nsalu m'sitolo imene iye akuloza, mukwerenso basi. Sindikunyoza ayi, inenso ndinayenda motero ndipo maso anakhuta. Koma pali funso limene otsogolerawo salikhudza pokhapokha mutawaumiriza, ndipo limakufikirani lokha mukakhala pamwamba pa phiri, kukhosi kuli gwa. Anthu miyandamiyanda amene ankakhala m'malinga amenewa ankamwa chiyani?

Dera limeneli mvula imagwa miyezi itatu yokha, kuyambira Julaye mpaka Sepitembala, ndipo zaka zina imangolonjeza osabwera. Mfumu yomanga linga pamwamba pa thanthwe inali itathana ndi adani ake okwera akavalo, koma inali itadziitanira mdani wina amene khoma silimutchinga. Mukazindikira zimenezi ulendo wonse umasintha, chifukwa mumayamba kuona zinthu zimene anzanu akuzipondaponda pothamangira chithunzi.

Ku Amber, linga limene Man Singh woyamba anayamba kumanga mu 1592, khamu lonse limakhamukira ku Sheesh Mahal, chipinda chomatidwa timagalasi tosawerengeka. N'chokongola, musachiphonye. Koma tsidya lina la bwalo lomwelo kuli Sukh Niwas, kumene kangalande kamadzi kankadutsa pakati pa chipinda kuti mphepo yolowa izizizira. Madzi amenewo ankachokera m'dziwe la Maota m'munsi mwa phiri, ndipo ankakwezedwa pang'onopang'ono, kuchoka m'thanki ina kupita m'thanki yapamwamba pake, ndi mitsuko yomangidwa pa chingwe chozungulira. Panali anthu ndi ziweto zimene ntchito yawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo inali yomweyo basi, kuti mfumukazi isamve kutentha. Mayina awo palibe anawalemba pakhoma. Ndipo nzeru zonsezo zinafika pokanika: pamene Sawai Jai Singh wachiwiri anasamutsa likulu lake n'kukhazikitsa mzinda wa Jaipur m'chigwa mu 1727, chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti Amber inali itadzaza anthu ndipo madzi sankakwanira.

Pamwamba pa Amber pali linga lina, Jaigarh, limene alendo ambiri amapitako kukaona mzinga waukulu wotchedwa Jaivana. Ine chimene chinandigwira mtima ndi ngalande zamiyala zoyenda m'mapiri ozungulira, zotolera mvula n'kuithira m'matanki akuluakulu a m'kati mwa linga. Kwa zaka zambiri kunali mphekesera yakuti pansi pa matankiwo pali chuma cha mafumu, ndipo mu 1976 boma la Indira Gandhi linatumiza anthu kukafufuza. Linadzanena kuti silinapeze chumacho. Amene anamanga matankiwo akanadzuka akanaseka, poona anthu akufunafuna golide m'malo amene iwo anasungamo chinthu chimene asilikali awo sakanatha masiku atatu popanda icho.

Chittorgarh ndiye pamene nkhaniyi imaonekera poyera. Ndi linga lalikulu zedi, la mahekitala pafupifupi 280 pamwamba pa phiri lathyathyathya, moti m'kati mwake mumayenda pa galimoto. Linagwa katatu: mu 1303 kwa Alauddin Khalji, mu 1535 kwa Bahadur Shah wa ku Gujarat (dera lomwe lija kunachokera makolo a amwenye ambiri a ku Limbe ndi ku Lilongwe), ndi mu 1568 kwa Akbar. Wotsogolera alendo adzakufotokozerani za akazi amene anadziponya pamoto kuti asagwidwe ndi adani, ndipo adzakuonetsani nsanja ya Vijay Stambha ya zipinda zosanjikizana zisanu ndi zinayi. Zimenezo ndi zolemera mokwanira. Komabe taganizirani kuti Alauddin anazinga linga limeneli miyezi isanu ndi itatu, ndipo Akbar, ndi mizinga yake yonse, anatha miyezi inayi. Anthu otsekeredwa pathanthwe sapirira chotero chifukwa cha kulimba mtima kokha. Pamwamba paphiripo panali maiwe, zitsime ndi matanki okwana 84, ndipo otsala lero ndi ngati 22. Limodzi mwa iwo, Gaumukh, limadzazidwa ndi kasupe wotuluka m'thanthwe ndipo mpaka pano muli madzi obiriwira ndi nsomba. Anzanga a m'basi anapatsa dziwelo mphindi zochepa chabe. Ine ndikanakonda ndikanasiyidwa pomwepo mpaka madzulo.

Za akachisi ndinena pang'ono. Wa ku Ranakpur, wa anthu a chipembedzo cha Jain, uli ndi nsanamira 1,444 za mwala woyera, zosemedwa mosiyanasiyana, ndipo polowa mumavula nsapato ndi lamba ngati ali wachikopa. Anthu amenewa salola kupha chamoyo chilichonse, moti odzipereka kwambiri amasefa madzi pa nsalu asanamwe kuti angameze tizilombo tosaoneka. Kulongosola kukongola kwa kachisiyo ndi mawu ndi kutaya nthawi yanu. Pitani mukaone.

Ku Jodhpur ludzu lili ngakhale m'nthano ya chiyambi cha mzinda. Amati pamene Rao Jodha anafuna kumanga linga la Mehrangarh mu 1459, anachotsa munthu wina wodzipatula amene ankakhala paphiripo, ndipo munthuyo anatemberera malowo kuti adzakhala akusowa madzi. Kaya temberero kaya nyengo chabe, chilala chakhala chikubwerabwera. Kumbuyo kwa linga kuli maiwe awiri, Ranisar ndi Padamsar, ndipo m'kati mwa mzinda muli Toorji ka Jhalra, chitsime chakuya cha masitepe chimene mfumukazi ina inakumbitsa m'zaka za m'ma 1740. Kumeneko kukumbitsa chitsime inali ntchito yaulemu ya akazi achifumu. Chitsimechi chinakhala zaka chitadzaza zinyalala mzinda utalandira mipope, mpaka pamene anadzachiyeretsa, ndipo lero anyamata amadumphiramo alendo akumwa khofi m'mbali. Amene anakulira kumudzi n'kuona chitsime cha makolo chikukwiririka mjigo utangobwera, kenako mjigowo n'kuthyoka m'mwezi wa Okutobala, sangafunike kumufotokozera zambiri.

Chinthu chimodzi ku Jodhpur sichinandikhale bwino. Nyumba yachifumu ya Umaid Bhawan, ya zipinda 347, inamangidwa kuyambira 1929 mpaka 1943, ndipo alendo amauzidwa monyadira kuti mfumu Umaid Singh anaimanga pofuna kupatsa ntchito anthu amene chilala chinawasautsa. Zoona, anthu anapeza podyera. Koma chilala chitatha, alimiwo anabwerera kuminda yawo youma yomweyo ndipo mfumu inatsala ndi nyumba, imene mbali ina lero ndi hotela ya anthu a matumba olemera. Agogo aakazi a mfumuyo ankakumbitsa zitsime. Chifundo cha mtundu winawu ine ndimachiyang'ana cham'mbali.

Kumapeto kwa msewu, pafupi ndi malire a Pakistan, kuli Jaisalmer. Rawal Jaisal anamanga linga lake mu 1156 ndi mwala wachikasu, pakati pa chipululu cha Thar pamene mvula ya chaka chonse imangofika mamilimita pafupifupi 200. Ndi limodzi mwa malinga asanu ndi limodzi a ku Rajasthan amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2013, ndipo limasiyana ndi ambiri chifukwa m'kati mwake mukukhalabe mabanja, ana akupita kusukulu, ng'ombe zikutsekereza tinjira. Kwa zaka mazanamazana anthu amenewa ankadalira zitsime zochepa ndi dziwe la Gadisar kunja kwa mzinda. Madzi ankabwera pamutu, mumtsuko, ndipo munthu sataya chimene wasenza yekha kukwera nacho phiri. Linga lonse linamangidwa ndi maganizo amenewo: makoma a miyala yongosanjikiza, ngalande zazing'ono zokwanira madzi ochepa.

Kenako kunabwera mipope, ndipo pambuyo pa mipope kunabwera ife. Nyumba zakale zinasanduka mahotela ndi malo odyera, chipinda chilichonse ndi bafa lake ndi chimbudzi chogejemula. Madzi otayidwa, amene ngalande zakale sizingawanyamule, amalowa pansi n'kufewetsa dothi la phiri limene linga lakhalapo. Zigawo zina za khoma zakhala zikugumuka, makamaka mvula ikagwa yambiri, ndipo nyumba ya mafumukazi, Rani ka Mahal, inagwa mbali ina m'zaka za m'ma 1990 asanaikonzenso. Linga limene linapirira ludzu zaka zoposa 800 tsopano likudwala chifukwa chokhuta madzi.

Ndiye mlendo agone kuti? Mabuku ena otsogolera apaulendo akhala akulangiza kuti anthu azigona kunja kwa linga n'kumalowa masana okha. Eni nyumba a m'katimo amakwiya nazo, ndipo ali ndi mfundo: iwo anabadwira momwemo, malonda a ngamila amene analemeretsa makolo awo anatha kalekale sitima zapamadzi zitalanda katundu ndipo malire atatsekedwa mu 1947, tsono alendo ndiye munda wawo wotsala. Amati vuto ndi la boma lochedwa kukonza ngalande, osati la mlendo wosamba. Ine ndinagona kunja, m'kahotela ka m'munsi mwa phiri, koma chakudya ndi tinsalu tanga ndinkagula m'kati, kuti ndalama ikwere phiri koma madzi anga osamba asakwere nayo. Mwini malo odyera ena nditamufotokozera nzeru yangayi sanasangalale nayo n'komwe. Anandiuza kuti mbale imene ndadyerayo aitsukanso ndi madzi a mumpope womwewo.