Gitala itakumana ndi ng'oma ya ku India

Pa 15 December 2024, mumzinda wa San Francisco ku America, kudamwalira Zakir Hussain, katswiri woimba ng'oma ya ku India yotchedwa tabla. Adatsikira kuli chete ali ndi zaka 73. Sabata ino ndati tikambeko za iyeyu ndi mnzake John McLaughlin, chifukwa awiriwa adayankha funso limene limavuta oimba ambiri: kodi nyimbo za mitundu iwiri zingakwatirane popanda ina kumeza inzake?

Tabla ndi ng'oma ziwiri zazing'ono zimene munthu amaimba ndi zala atakhala pansi. Ya kumanja ndi yamtengo ndipo imalira mawu aang'ono, pomwe ya kumanzere ndi yachitsulo, ya mawu aakulu. Pachikopa amamatapo phala lakuda, monga momwe timamatira phula pa ng'oma zathu. Kugunda kulikonse kuli ndi dzina lake, choncho wophunzira amayamba watchula kaimbidwe konse ndi pakamwa zala zisanakhudze chikopa. Zakir adaphunzira zimenezi ali wamng'ono kwa bambo ake, Alla Rakha, amene ankaimbira tabla Ravi Shankar.

McLaughlin adabadwira ku England mu 1942, ndipo adakula akuimba blues ndi jazz. Mu 1969 adaimba gitala m'chimbale cha Miles Davis chotchedwa In a Silent Way, kenako adatchuka ndi gulu lake la Mahavishnu Orchestra, la zida zamagetsi zaphokoso. Ali pachimake chotero, adaika pambali gitala yamagetsi, n'kukhala pansi pamodzi ndi Zakir, L. Shankar wa vayolini ndi Vikku Vinayakram woimba mtsuko wadothi wotchedwa ghatam. Gululo adalitcha Shakti, ndipo chimbale chawo choyamba chidatuluka mu 1976.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mzunguyu adalowa m'nyumba ya eni ake ngati mwana wasukulu. Adaphunzira veena, chida cha nsambo cha kummwera kwa India. Adaphunziranso konnakol, luso lowerengera kugunda kwa nyimbo ndi pakamwa. Gitala yake adaisinthitsa: mmisiri adakumba thabwa la pansi pa nsambo kuti zala zizitha kuzikoka kwambiri, n'kuonjezeraponso nsambo zisanu ndi ziwiri zopingasa.

Kukoka nsamboko ndiye pamene pali chibale. Woimba blues amakoka nsambo kuti ilire ngati munthu wodandaula. Woimba wa ku India nayenso salumpha kuchoka pa liwu lina kupita pa linzake, amatsetsereka pang'onopang'ono. Chibale china chili ndi jazz, pakuti konse kuwiri woimba amapeka nyimbo pomwepo anthu akumvetsera. Kungoti ku India malamulo ake ndi okhwima. Raga imakuuza mawu amene ungagwiritse ntchito ndi m'mene ungakwerere kapena kutsika nawo. Tala ndi mzungulo wa kugunda, monga teental ya kugunda 16. Aliyense angathe kuyendayenda m'mene afunira, koma onse ayenera kukumana pa kugunda koyamba. Amene sadziwa kuwerenga amagwidwa pomwepo.

Wina anganene kuti pali ena adakwanitsa popanda kukonzekera. N'zoona kuti Ry Cooder, katswiri wa gitala ya blues wa ku America, ndi Vishwa Mohan Bhatt wa ku India adajambula chimbale cha A Meeting by the River atangodziwana kumene. Chidatuluka mu 1993 ndipo chidapata mphoto ya Grammy chaka chotsatira. Koma aliyense wa iwo adafika ali ndi zaka zambiri pantchitoyi. Bhatt adali wophunzira wa Ravi Shankar, ndipo adali atasintha kale gitala n'kukhala chida chake chimene adachitcha Mohan veena.

Ndimawamvetsa amene amaopa kuti kusakaniza kumapha nyimbo za makolo. Masiku ano munthu amangotapa kulira kwa tabla pa kompyuta n'kuwaza m'nyimbo ngati mchere, osadziwa ngakhale dzina la kugunda kumodzi. Ndiwo zotero zimakoma tsiku limodzi. Koma Zakir sadasiye nyimbo za kwawo. Mpaka ukalamba ankaimbirabe akatswiri a raga m'mabwalo a ku India. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, komabe amakhala ng'ona.

Mu February 2024, patatha zaka pafupifupi 50 chiyambire, Shakti idalandira Grammy ndi chimbale cha This Moment. Usiku umenewo Zakir adapita kwawo ndi mphoto zitatu. Woimba amene akufuna kusakaniza nyimbo zake ndi za eni ake ayambe wadziwa zakwawo mpaka kumizu, kenako apite kwa eni akewo, avule nsapato, akhale pansi, aphunzire kuwerenga.